Anamanga Mkono, Bala Lili Pantchafu

Chipatala chathu anachiwotcha chaka chimene ndinakwatira. Sichinali chipatala choti munthu n'kuchitamanda, kanyumba chabe ka zipinda ziwiri m'mbali mwa msewu wopita ku Furancungo, koma munali munthu wodziwa kubaya ndi kutsuka bala. A kuthengo, zigawenga zija, atafika anatenga mabulangete ndi mankhwala, anazula malata, zotsalazo n'kuyatsa. Enfermero wake, namwino uja, anawolokera ku Malawi, sitinamuonenso. Kuyambira pamenepo wodwala kwathu ku Chidzolomondo ankadalira mizu ndi pemphero, zikakanika tinkasula makasu okumbira manda.

Ine ndinali mkamwini watsopano pamudzi wa mkazi wanga. Shikola ndinalekeza tereseira kalasi, kalasi yachitatu, tsiku limene aphunzitsi anandikwapula zala pa mlandu wa mnzanga, ine n'kuwalanda ndodoyo n'kuithyolera pabondo. Mtima wanga ndi wapachala, zimenezo aliyense ankadziwa, ndipo atamva kuti ndikukwatira anthu anamumvera chisoni mkaziyo. Koma iye yekha ndiye ankauseka mtima umenewo. Ndikayamba kukalipa, kaya n'chifukwa cha mbuzi ya eni yalowa m'munda, ankandiyang'ana atagwira m'chiuno.

"Wayakatu moto wa mapesi," ankatero. "Tadikirani ndiponyepo mbatata usanazime."

Ndinkalephera kupitiriza. Munthu sungakalipe uku ukuseka.

Masiku amenewo tikamva mfuti tinkasiya chilichonse n'kuthawira kuphiri. M'mawa wina tikuthawa choncho, mkazi wanga anaterereka pamtsetse n'kugwera pachitsa cha nsungwi chimene wina anachidula mosongola. Chinalowa pantchafu, m'mwamba ndithu, malo amene mkazi saonetsa munthu. Anachizula yekha osalira, poopa kuti mawu angatiulule. Titabwerera kumudzi apongozi anga, mayi ake, anatsuka ndi madzi otentha n'kumatapo masamba osinja. Bala linatseka pakamwa, tonse tinati lapola. Pomwe m'kati linkadya. Mwendo unayamba kutupa, khungu n'kumanyezimira ngati chipanda chopaka mafuta, thupi kutentha. Kenako m'nyumba munayamba kumveka kafungo kamene tonse tinkakamva koma palibe ankakatchula.

Ndi nthawi imeneyo pamene anafika makamiyao, magalimoto akuluakulu a asilikali a boma. Anaima pabwalo la mpira la shikola yathu, imene nayonso inali itatsala makoma okha. Tinabisala kaye, chifukwa yunifolomu iliyonse inkabwera ndi zake. Koma ana amene anakasuzumira anabwerako akuthamanga.

"Akumanga chipatala! Chipatala cha nsalu!"

Ndinapita kukaona ndi maso anga. Zinali zoona. Chihema chachikulu cha lona yobiriwira, chokhala ndi mtanda pakhomo, chinali chitaima pakati pa bwalo. M'kati anayala mabedi opinda, pambali pa bedi lililonse kamtengo kachitsulo kopachikapo botolo la soro, madzi aja amalowa m'thupi kudzera mumtsempha. Kukhoma anasanjikiza makasha, mabokosi amatabwa olemera, oti anyamata awiri ankanyamula akubuula. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana. Ndinati Mulungu wamva.

Ndisanatembenuke kuti ndikauze kunyumba, mkulu wawo, tenenti wamtali wochokera kum'mwera, anayimba wenzulo. Anyamata aja anathamangira chihema chija, anazula zikhomo, anapinda mabedi, anakweza zonse m'kamiyao. Pabwalo panatsala udzu wogona. Wenzulo inaliranso, anatsitsa zonse n'kuyambanso kumanga, tenenti akuyang'ana wotchi yake uku akukuwa kuti afulumire, "Depressa! Depressa!"

"Kodi akumanga kapena akuphwasula?" anafunsa mkulu wina amene ndinaima naye.

Pofika masana anthu anali atabwera ndi odwala awo, wina pamsana, wina pamphasa. Msilikali wa pachipata anawabweza onse ndi mfuti yopingasa, akuti awa ndi maphunziro chabe, si chipatala. "É treino. Não é hospital." Ine ndinamukankha mfutiyo pachifuwa pake, ndipo zikanatha moipa pakanapanda enfermero wina kutuluka m'chihemamo. Anali wamfupi, wadazi ngakhale sanali wamkulu kwenikweni, wa ku Angónia, wolankhula chathu chomwechi.

"Achimwene, tsitsani mawu, tenenti akumva," anatero atandikokera pambali. "Sitinabwere kudzachiza. Tikuphunzira kumanga ndi kuphwasula msanga, kuti tsiku la nkhondo tisadzasokonezeke."

"Nanga inoyi si nkhondo? Mukudikira ina?"

Anangoti mawa lake adzafuna anthu a m'mudzi oti ayerekeze kuti avulala, anyamata aphunzirepo kunyamula ndi kumanga mabala, ndipo aliyense adzalandira mchere ndi kachidutswa ka sopo. Mchere tinali titauiwala kukoma kwake. Anthu amene anabwezedwa ndi odwala awo anayamba kale kulimbirana malo.

Nzeru inandibwerera panjira yobwerera kunyumba, ndipo ndinaiona ngati yakuthwa kwambiri. Odwala enieni akuwabweza pachipata, onamizira akuwalowetsa. Ndiye mkazi wanga alowe ngati wonamizira. Akangogona pabedi lija, m'manja mwa anthu ophunzira za matenda, sangalephere kuona. Akaona sangamutulutse. Makasha onse aja ali pompo.

Nditamuuza anaseka mpaka chifuwa.

"Ndikaname kuti ndavulala, pomwe ndavulaladi? Nanga akandigwira bodza ndidzati chiyani?"

Apongozi anali panja, kuseri kwa khoma, akusenda nyemba. Ine ndi iwo sitinkayang'anizana kapena kulankhulana mwachindunji, monga mmene zimakhalira. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire. Mawu awo ankadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva.

"Uwauze amuna akowo," anatero kuseriko, "kuti mwana wanga savula pamaso pa asilikali."

"Uwauze amayi kuti sakavula. Anthu aja ndi ophunzira, akadziwa okha."

Mkazi wanga anayang'ana kudenga. "Mwamvana kale, ine ndibwerezenso chiyani?"

M'mawa tinamumanga nsalu ziwiri kuti kutupa kusaoneke, ndinamunyamula mpaka kuseri kwa makoma a shikola, poyandikira chipata anayenda yekha atandigwira phewa. Aliyense pamzerepo ankadziwa za mwendo wake, koma palibe anatiulula. Kunabwera msilikali ndi chitini cha utoto wofiira ndi kamtengo komanga sanza kunsonga. Ankayenda pamzere akupaka, uyu pamimba, uyu paphewa, uyu pabondo. Pamene wapakidwapo ndiye bala lako, anatero enfermero uja potimasulira, ndipo anyamata akamanga pomwepo. Ine anandipaka pamphumi. Mkazi wanga anamupaka pamkono wamanzere, pansi pa chigongono.

Anatimwaza m'bwalomo kuti tigone paudzu n'kumalira. Anthu anachita ngati chikondwerero. Mkulu uja ndinaima naye dzulo lake anapakidwa pamimba, ndiye ankagubuduzika akukuwa, "Mayo ine ndafa! Chuma changa adye ndani! Wina andipatseko fodya ndisanatsirizike!" Akazi ankaseka atabisa nkhope m'nsalu. Mkazi wanga yekha ndiye anagona chete, thukuta likutsika m'khosi, mano akugundana ngakhale dzuwa linali litatuluka.

Wenzulo inalira. Anyamata anatuluka awiriawiri ndi machila. Amene anafika pa iye, wina anagwira m'khwapa, wina anagwira miyendo yonse iwiri n'kukweza mwamphamvu. Analira kamodzi kokha, kulira kumene sindinakumvepo chiyambire, ngakhale tsiku la nsungwi lija. Mnyamata wa kumiyendo anaseka.

"Esta sabe!" anauza mnzake. Uyu ndiye akudziwa kusewera.

Anandigoneka pabedi loyang'anizana ndi lake. Wina ankandizunguliza ligadura kumutu, nsalu yoyera ija yomangira mabala, mpaka diso limodzi linatsekeka. Ndi diso linalo ndinkaona zonse. Anamugwira mkono wopakidwa uja, anaupukuta mozungulira utoto mosamala, anaumanga bwinobwino, mizere ya nsalu ikugona mofanana ngati denga la mmisiri. Anatenga kapaipi ka soro n'kukamatika pakhungu popanda singano. Wina anagunditsa jekeseni yopanda singano paphewa pake n'kuwerenga mokweza. Manja anayi anali pa iye, ndipo palibe dzanja limene linatsika kupyola m'chiuno. Ndinkati aona tsopano, amva kutentha tsopano. Koma maso awo anali pa utoto, makutu awo ali kwa tenenti ndi wotchi yake.

Tenenti anafika, anayang'ana mkonowo, anagwedeza mutu mokhutira. "Muito bem. Próximo."

Anamuuza kuti adzuke akalandire mchere wake. Ndinamuona akutsitsa mwendo wabwino, kenako akunyamula winawo ndi manja onse awiri mobisa, nkhope itachita phulusa. Atakhala tsonga anawomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu, monga anamulerera mayi ake.

"Zikomo, mwatithandiza."

Mawu amenewo ndi amene anandiyatsa. Sindikumbuka kudzuka. Ndikukumbuka ligadura ya kumutu ili m'manja mwanga, ndikukumbuka phazi langa likumenya kasha ya pamwamba pa mulu uja kuti atsegule, apereke zimene akubisa. Inagwa n'kung'ambika pakona. Munatuluka mchenga. Mchenga wa kumtsinje ndi timiyala, ukuyenderera pansi pa mabedi.

Ndinamenya yachiwiri. Mchenga.

Chitsulo cha mfuti chinandipeza pamphumi, pa utoto pomwepo, ndipo ndinagwa chogwada. Magazi enieni anatsikira m'diso.

"Ntchafu!" ndinkakuwa. "Onani ntchafu, agalu inu! Mwamanga mkono wabwinobwino!"

Mkazi wanga anakokera nsalu yake pamawondo n'kuigwira zolimba. Sanayang'ane asilikali, anayang'ana ine.

"Mwandichititsa manyazi," ananong'ona.

Enfermero wadazi uja anaima pakati pa ine ndi mfuti. Analankhula ndi tenenti m'Chipwitikizi chothamanga chimene sindinachitole, kenako anatulutsa amuna onse, onamizira ndi asilikali omwe, n'kutuma mkazi wina kukaitana apongozi. Ine anandisiya pakhomo, nditapenya kunja. Ndinamva apongozi akulowa, ndinamva akuti, "Ndivundukula ndine, inu musakhudze nsalu."

"Fungoli ndinalimva," anatero enfermero, mawu atatsika. "Ndimayesa ndi lona. Lonayi inanyamulapo zambiri."

Anachita zimene akanatha. Mpeni wake waung'ono anauwiritsa m'chitini, anatumbula, zimene zinatuluka sindizilemba pano. Anatsuka ndi madzi owiritsa othira mchere, mchere womwe uja wa malipiro athu. Mkazi wanga analuma nsalu ya mayi ake. Atamaliza enfermero anatuluka n'kukhala pansi pafupi nane, manja akununkha.

"Chikufunika ndi penisilina, wambiri, ndi soro weniweni. Ine ndilibe ngakhale kambewu kamodzi. Makashawa tinathiramo mchenga kuti anyamata azolowere kulemera kwake. Enieniwo akubwera ndi koluna, mdipiti wa magalimoto wochokera ku Tete, tikakumana nawo ku Tsangano."

"Ndiye mutitenge m'kamiyao."

Anakapempha, ndinamuona ndi maso anga ataima pamaso pa tenenti chipewa chili m'manja. Tenenti anayang'ana kuchihema, anayang'ana ine ndi magazi anga, anapukusa mutu. Sanakalipe. Anati msewu uli ndi mabomba okwirira, anati akadali ndi malo ena oti akamange ndi kuphwasula asanafike kumeneko, anati munthu wamba akafera m'galimoto ya asilikali mlandu ndi wake. "Não posso," anamaliza choncho, kuti sangathe, ndipo anandipatsa kansalu kake ka m'thumba kuti ndipukute nkhope. Ndinakaponya pansi.

"Dzerani njira zachidule, za m'mapiri," anandiuza enfermero. "Mukakaona chihemachi ku Tsangano, dziwani kuti makasha ake ndi enieni. Musachedwe, achimwene. Mwendo uwu sudikira."

Madzulo asanafike wenzulo inalira, ndipo pabwalo panatsala mabowo a zikhomo ndi milu iwiri ya mchenga.

Ndinali ndi njinga yakale ya malemu bambo anga, yopanda machubu, matayala ake tinkaphatikamo udzu ndi sanza. Ndinamangirira thabwa kuchokera pachishalo mpaka kumbuyo, n'kuyalapo bulangete. Mkazi wanga anakhala chammbali, mwendo wodwalawo titaugoneka pakamtengo kotulukira kutsogolo. Ine ndinkakankha. Apongozi ankabwera m'mbuyo ndi kamtolo pamutu, patali ndithu, monga mwa ulemu wake.

Ulemu umenewo unatha pachitunda choyamba. Njinga inayamba kubwerera, ine mapazi akuterereka, ndipo ndinangoona dzanja lawo lagwira thabwa pafupi ndi langa. Tinakankha limodzi, aliyense akuyang'ana mbali yake. Titafika pamwamba anabwereranso m'mbuyo.

"Uwauze amuna akowo asamathamange pamiyala."

"Uwauze amayi kuti dzuwa silikutidikira."

"Inu anthu awiri mundipha ndi mauthenga, mwendo usanandiphe," anatero mkazi wanga.

Sindinawerenge masiku. Ndikudziwa kuti tinadutsa midzi yopanda anthu, zitseko zili pululu, nkhuku zitasanduka zakutchire. Tinkakumba mbatata m'minda ya eni n'kupepesa kwa mphepo. Msewu waukulu tinkauwoloka mothamanga, titamvetsera kaye. Pamtsinje uliwonse apongozi ankanditumiza kutali kudzera mwa mwana wawo, n'kutsuka bala ndi mchere umene unkachepa tsiku ndi tsiku. Kutupa kunakwera mpaka m'chiuno. Anayamba kukana chakudya, ankangofuna madzi.

Ligadura ija ya pamkono anakana kuimasula. Inali itayamba kuda m'mphepete ndi fumbi, ndipo nthawi iliyonse ndikaiona ndinkakalipa.

"Chotsa chinthu chimenecho. Chabodza."

"Chisiyeni. Chiyambire sindinavalepo choyera chotere, ngakhale tsiku la ukwati. Munandigulira chiyani inu?"

"Ndidzakugulira nkhondo ikatha."

"Ee, pamodzi ndi ndege."

Tsiku lina masana tinapuma pansi pa mtengo wa muwanga, mphepo ya kumapiri a Tsangano itayamba kale kutipeza. Apongozi anatsikira kudambo kukatunga madzi. Mkazi wanga anandiitana ndi chala kuti ndiyandikire, chifukwa mawu anali atachepa.

"Tikakafika kumene kuja musakamenye kasha ya eni."

"Akakatsegula okha sindikamenya."

"Ayi. Ngakhale zitavuta bwanji. Mundilonjeze. Ndatopa kukuonani magazi kumaso." Anandikhudza pachipsera cha pamphumi, chala chake chikutentha ngati khala. "Anyamata aja sanalakwe. Anauzidwa kuti bala lili pofiira."

"Nanga maso alibe? Mphuno alibe?"

"Wayakatu," anatero, n'kumwetulira pang'ono. Za mbatata sanathe kumaliza. Ndinalonjeza.

Tinachiona chihema chija m'mawa wozizira, nkhungu itangoyamba kuchoka, chili patsidya pa minda ya mbatata ndi nyemba kunja kwa Tsangano. Chobiriwira chomwe chija, mtanda womwe uja. Mkazi wanga anali atasiya kuyankha kuyambira kutacha, mutu unkangogwera paphewa langa, koma mpweya unalipo, ndinkaumva pakhosi panga. Ndinakuwa ndi mawu onse amene ndinali nawo. Apongozi nawonso anakuwa, koyamba kuwamva akukweza mawu.

Wenzulo inalira.

Ndiyenera kunena zoona, anathamanga bwino tsiku limenelo. Anyamata omwe aja, awiri ndi machila, enfermero wadazi patsogolo. Anadumpha mizere osapunthwa. Amene anaseka uja ndi amene anafika kumiyendo, ndipo anandizindikira, anagwetsa maso. Anamunyamula ngati dzira, dzanja lili pansi pa bondo, ntchafu osaikhudza. Kuchokera panjinga kufika pabedi sipanapite nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri. Tenenti anaima pakhomo, wotchi ili m'thumba.

Kasha anaitsegula pamaso panga. Munali timabotolo tagalasi tosanjidwa m'mizere, mapaketi a singano, mabotolo a soro. Zonse zinalimo.

Enfermero anafuna mtsempha kumkono wamanja, anaulephera. Anagwira wamanzere n'kuyamba kumasula ligadura ija, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka khungu linaoneka, loyera chifukwa chosaona dzuwa, utoto wofiira uja ukadali pomwepo. Anabaya pambali pake. Anabayanso. Kachitatu singano inalowa, ndipo ndinaona madontho akugwa m'kapaipi, limodzi, limodzi. Anabaya penisilina pathako. Apongozi anagwada pambali pa bedi akupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda.

Ndinayang'ana madontho amenewo ngati munthu woyang'ana mitambo chaka cha chilala. Botolo linatsika pang'ono, mwina chala chimodzi. Dzuwa lisanafike pamutu enfermero anaika zala pakhosi pake, anadikira, anaika khutu pachifuwa, anadikiranso. Kenako anatambasula dzanja n'kutseka kapaipi kaja.

"Pepani, achimwene."

Ndinadikira moto uja kuti ubwere. Makasha anali pompo, phazi langa linali pompo. Asilikali awiri anasendera pafupi, akundidziwa. Sunabwere. Sikuti ndinaugwira chifukwa cha lonjezo, ayi, ndinaufuna, ndinaufufuza m'chifuwa monse. Munalibe kanthu. Ndinakhala pansi padothi, pafupi ndi mwendo wa bedi, ndikuyang'ana phazi lake limene linatulukira kunja kwa bulangete, ming'alu ya kuchidendene itadzaza fumbi la kwathu.

Ligadura inali itagwera pansi, ndipo ndinapezeka ndaitola, ndikuikulunga pachala popanda chifukwa.

"Mwana wanga."

Sindinadziwe kuti akunena ine. Panalibenso wina woti mawu adzeremo. Nditakweza maso ndinapeza apongozi akundiyang'ana kumaso, koyamba chikwatirire.

"Mwana wanga, tandipatsa nsaluyo. Pakamwa pangatseguke."

Ndinawapatsa. Anaikutumula fumbi, anaipinda kawiri, anaidutsitsa pansi pa chibwano n'kumanga pamwamba pa mutu, mfundo yaing'ono yaudongo. Anamutseka maso ndi chala chachikulu.

Kwathu munthu amagona kumanda a kwa mayi ake, pakati pa azigogo ake, ndipo amene amakumba ndi adzukulu odziwa mbumba yonse. Mkazi wanga anagona kumalire a munda wa munthu amene sitinkamudziwa, bambo wina wachifundo amene anati nthaka ndi ya Mulungu. Anakumba ndi asilikali, ndi mafosholo awo aafupi, ndipo anakumba mofulumira, chifukwa nazonso anaziphunzira. Bokosi panalibe. Enfermero anabweretsa bulangete la chipatala, latsopano, ndipo tenenti anaona koma anayang'ana kumbali. Akazi angapo a pafupi anabwera kudzathandiza kulira, osadziwa ngakhale dzina la womulirayo. Nyimbo anayambitsa ndi apongozi okha, mawu akuthothoka, ena n'kulandira.

Mawa lake wenzulo inaliranso. Ndinaima pamunda paja ndikuona chihema chikugwa, mabedi akupindidwa, makasha akukwezedwa. Enfermero anabwera kudzatsanzika, anayang'ana bala langa la pamphumi n'kunena kuti lapola bwino. Anandigwira mkono n'kupita.

Tinatsala awiri ndi njinga. Mkamwini mkazi wake akamwalira amadikira kuti eni mbumba amusudzule, amumete, amuperekeze kwawo. Eni mbumbawo anali atamwazikana, ena ku Malawi, ena sitinkadziwa. Apongozi anati kumudzi sabwererako, kulibe choti akaone, awolokera kumalire kumene anamva kuti kuli alongo awo.

"Iwe ndakumasula," anatero. "Palibe mlandu. Pita kumene ukufuna."

Ananyamula kamtolo kawo n'kuyamba kuyenda. Ndinaona mmene ankapondera. Mapazi anali atatupa, zidendene zitang'ambika mpaka kutuluka magazi, ulendo wonse uja osanenapo kanthu. Thabwa linali likadali panjinga, bulangete lathu lakale likadali pomwepo, lili ndi dzenje pamene mwana wawo ankakhala.

Ndinakankha njinga mpaka ndinawapeza.

"Kwerani, amayi."

Anaima, anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Kenako anandipatsa kamtolo kuti ndigwire, anagwira phewa langa, n'kukhala chammbali.

"Usamathamange pamiyala," anatero.